Kukathyola mapichesi kuphiri la Zomba: mafunso ndi mayankho

Kukangoyamba kutentha chaka chilichonse, foni yathu siyipuma, ndipo mafunso ake amakhala omwewomwewo. Tawasonkhanitsa pano kuti muwerenge musananyamuke. Munda wathu ndi wa banja, uli m'mbali mwa phiri, ndipo pageti pali kashopu komwe timagulitsirako zapamunda.

Kodi mapichesi amapsa liti?

Kuyambira chakumapeto kwa Okutobala mpaka mu Disembala. Pachimake penipeni ndi mu Novembala. Mitengo ina yochedwa imafika nawo mpaka nyengo ya Khirisimasi, koma mvula ikakhazikika zipatso zimayamba kusweka ndi kuwola zili mumtengo, ndiye musadalire zimenezo.

Anthu ambiri amafuna kubwera ndi amayi awo pa 15 Okutobala, tsiku la anakubala. Bwerani ndithu, mphepo ya kuno ndi yabwino, koma zaka zambiri patsikuli timakhala ndi mitengo yochepa chabe yomwe yayamba kupsa.

Bwanji simungotiuza tsiku lenileni loti tibwere?

Chifukwa tsikulo sitisankha ndife. Limasankhidwa ndi kuzizira kwa mu Juni ndi Julayi.

Mtengo wa pichesi kwawo ndi ku China, dziko lomwe mpaka lero limakolola mapichesi oposa theka la onse a padziko lapansi. Ndi mtengo wa kumalo ozizira. Nyengo yachisanu umayoyola masamba onse n'kugona, ndipo sudzuka bwino pokhapokha utalandira kuzizira kokwanira. Mitundu ya kumayiko a chipale imafuna maola 800 kapena kuposa apo a chisanu chenicheni. Imene imachita bwino kuno ndi yofuna kuzizira pang'ono, maola osafika 300. Tawuni ya Zomba ili pamtunda wa mamita pafupifupi 900 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, pomwe nsonga ya phirili yotchedwa Malumbe imapitirira mamita 2,000, ndipo pa mamita 1,000 alionse amene mwakwera kutentha kumatsika ndi madigiri 6 kapena kuposerako pang'ono. N'chifukwa chake pichesi limakondwa kuphiri kuno, ku Dedza, ku Tsangano ndi ku Neno, koma osati kuchigwa.

Chaka chimene mwera waomba kwambiri ndipo chiperoni chakhalitsa, mitengo imachita maluwa nthawi imodzi, zipatso nazo zimapsa motsatizana bwino. Chaka chimene chisanu chinali chofooka, mtengo umodzi womwewo umakhala ndi maluwa uku, tizipatso tobiriwira uku, nthambi zina zikadali mtulo. Zikatere nyengo imatalika koma zokolola zimakhala zamwazimwazi. Ndiye yankho lathu ndi lakuti imbani sabata imene mukufuna kubwerayo, tikuuzeni zomwe zili mumtengo tsiku limenelo.

Nanga kunja kwa nyengo ya zipatso kuli choti tione?

Chakumapeto kwa Julayi ndi mu Ogasiti mitengo imachita maluwa ofiirira masamba asanaphuke, ndipo njuchi zimangoti ng'ung'ung'u munda wonse. Ojambula zithunzi amaikonda nyengo imeneyi kuposa ya zipatso. Mu Juni musayembekezere zambiri: mudzapeza mitengo yopanda tsamba ndi limodzi lomwe, ife tili pakalikiliki kudulira nthambi. Alendo ena amatipepesa poganiza kuti munda wauma.

Tifika bwanji?

Kuchokera ku Blantyre ndi ulendo wa makilomita osafika 70 pamsewu wa tala, kudutsa pa Namadzi ndi pa Thondwe. Mukafika m'tawuni mukwere msewu wopita Ku Chawe. Ndi watala koma wokhotakhota komanso wokwera kwambiri. Popatukira kubwera kwathu ndi pamsewu wafumbi, ndipo tidzakulondolerani mukaimba.

Pokwera muzikumbukira kuti msewuwo simuli nokha. Kumakhala anyamata otsika ndi njinga zakapalasa zitasenza nkhuni kapena matabwa mpaka kumbisa wokwerayo, ena akukhwekhwereza phazi pa tayala kuti lithandize mabuleki. Amayi osenza mitolo ya nkhuni yaitali kuposa iwo eni amayenda m'mphepete, ndipo mtolowo ukatembenuka umadya theka la msewu. Pakona iliyonse imbani huta. Potsika ikani giya yaing'ono, osangoponda mabuleki njira yonse, chifukwa akatentha sagwiranso.

Opanda galimoto atha kutenga kabaza wa njinga yamoto kapena takisi ku depoti. Gwirizanani mtengo wopita ndi wobwerera musanakwere, ndipo mutenge nambala ya wakabazayo, chifukwa kuno simungangoima pamsewu n'kupeza chokwera. Amiyendo yolimba ena amakwera wapansi kudzera njira yomwe alendo amaitcha Potato Path, imene anthu akhala akutsitsira mbatata ya kachewere kumsika. Kukwera ndi kosangalatsa, koma kutsika nayo mutasenza dengu la mapichesi akupsa ndi kuwononga ndalama.

Nthawi yabwino pa tsiku ndi iti, ndipo tivale chiyani?

M'mawa, kuyambira 7 koloko mpaka cha m'ma 10. Chipatso chothyoledwa kukadali kozizira chimakhalitsa kuposa chomwe chathyoledwa chitawambidwa dzuwa. Komanso mu Novembala mvula ya kuno imakonda kubwera masana, mwadzidzidzi, ndi ziphaliwali zake.

Valani nsapato zotseka zogwira pansi. Munda uli pamtsetse, ndipo ndi masilipasi kapena gogoda mutha kukhala pansi musanafune. Malaya a manja aatali amathandiza, chifukwa tiubweya ta pichesi timayabwa m'mikono ndi m'khosi. Tengani juzi kapena chitenje chapadera ngakhale kutawuni kukuwotcha.

Kodi timathyola tokha kapena mumatithyolera?

Zonse zimatheka. Ofuna kuthyola okha timawapatsa dengu ndi munthu mmodzi wowaperekeza kumizere imene yapsa. Agogo ndi ena amene sangathe mtsetse amakhala pamthunzi pafupi ndi shopu, ana athu n'kukawathyolera.

Malamulo ake ndi atatu okha. Osakwera mumtengo, osagwedeza nthambi, osagenda kapena kugwetsa ndi mlongoti. Tikudziwa kuti mango tonse tinakula tikugenda, koma pichesi likagunda pansi latha, mawa lake pamalo pamene linagundapo padzakhala pabulauni. Nthambi za mtengowu ndi zosachedwa kuthyoka, ndipo zipatso za chaka chamawa zidzabereka pa timphukira tomwe tikukula chaka chino. Mukathyola kanthambi kamodzi mwatithyolera zokolola za chaka chamawa. Zomwe zili pamwamba muuze wokuperekezaniyo, ali ndi makwerero.

Ndidziwa bwanji kuti pichesi lapsa?

Funso limeneli ndiye lofunika kuposa onse, ndipo anthu ambiri amanamizidwa ndi kufiira. Tsaya lofiira limangosonyeza mbali imene inayang'ana dzuwa. Pichesi litha kufiira bwino lili laliwisi gwa.

Litembenuzeni muyang'ane kumutu, pakadzenje pamene pali kaphesi. Pamenepo ndi pomwe pamanena zoona. Pakakhala pobiriwira, lisiyeni. Pakakhala pachikasu, kapena poyererako ngati ndi mtundu wa mnofu woyera, layandikira. Kenako liikeni m'chikhatho chonse, osati kutsina ndi chala chachikulu, ndipo mumve ngati likuvomera pang'ono m'mbali mwa kamzere kaja kotsika kuchokera kumutu. Linunkhizeni. Lakupsa limanunkhira musanalifikitse n'komwe pamphuno. Pomaliza likwezeni pang'ono n'kulipotokola mofatsa: lokonzeka limangotsalira m'manja. Ngati mukuchita kulimbana nalo mpaka nthambi kuwerama, silinafune.

Mumtengo umodzi zimayamba kupsa za kunja ndi za pamwamba, zamkati mwa masamba zimatsatira patapita masiku. Ndiye musathe mtengo umodzi wonse, yendani.

Kodi kulawa m'munda n'kololedwa?

Inde. Munthu sungagule chinthu usanalawe, ndipo pichesi lodyera pansi pa mtengo wake silifanana ndi lina lililonse. Awiri kapena atatu palibe amene angakuwerengereni. Madzi otsukira ali pampopi wa pashopu. Njere ndi zotsala musataye pansi, muike m'chidebe chomwe chili kumapeto kwa mzere, pa chifukwa chomwe tafotokoza pa funso la mphutsi.

Bwanji mapichesi a mumsika amakhala olimba? Kodi ndikawavundika atsekemera?

Afewa, koma satsekemera. Nthochi ndi mango zimakhala ndi ufa mkati umene umasanduka shuga zikavundikidwa. Pichesi lilibe nkhokwe yoteroyo. Shuga wake amachokera m'masamba, ndipo wambiri amalowa masiku omaliza chipatso chili mumtengo. Tsiku limene lathyoledwa, kutsekemera kwaima pomwepo.

Ogulitsa musawaimbe mlandu. Pichesi lopsera mumtengo silingapirire kutsika phiri pamutu, kukwera minibasi, n'kukhala masiku awiri pa benchi anthu akulitsina. Kuwonjezera apo, likakhalitsa mumtengo ntchentche zimaliboola, anyani nawo ali maso. Mlimi amathyola msanga kuti apulumutseko kanthu. N'chifukwa chake ambiri a ife tinakula tikudziwa pichesi ngati chipatso chokukuta, chowawasa, chodyera ndi mchere. Ena amalikondabe choncho, ndipo mukatero tiuzeni, olimbawo aliponso. Koma ngati simunadyepo lomwe madzi ake amayenderera mpaka m'chigongono, chifukwa chokwerera phiri ndi chimenecho.

Ndinagulapo mapichesi ena ndipo mkati munali mphutsi. Anu alibe?

Amene angakulonjezeni kuti mwa mapichesi ake mulibe ndi limodzi lomwe la mphutsi akukunamizani. Zimachokera ku ntchentche za zipatso, zomwezo zimene zimavutitsa mango ndi magwafa. Yaikazi imaboola khungu ndi kuikira mazira pansi pake chipatso chikayamba kupsa. Kunja kumangooneka kadontho ngati pobaya singano, nthawi zina ndi kautomoni kowala. Mphutsi zikakhuta chipatso chimagwa, izo n'kulowa m'dothi, n'kudzatuluka zili ntchentche. Vutoli linakula kwambiri kuyambira pamene mtundu wina wochokera ku Asia unapezeka mu Africa muno, koyamba ku Kenya mu 2003, n'kufalikira mayiko ambiri.

Nkhondo yathu yaikulu ndi yotola. M'mawa uliwonse timatola zonse zakugwa n'kuziika m'matumba akuda apulasitiki, kumanga kukamwa, n'kuwasiya padzuwa masiku angapo kuti mphutsi zife, kapena kuzikwirira m'dzenje lakuya. Mudzaonanso mabotolo atapachikidwa m'mitengo. Ndi misampha, ana asaiseweretse. Pashopu timasankha limodzilimodzi, koma maso amaphonya. Mukafika kunyumba ng'ambani pakati musanapatse mwana. Mukapeza la mphutsi mukadali kuno, tikusinthirani.

Kodi mumapopera mankhwala?

Timapopera pakafunika, makamaka nsabwe zikapiringiza masamba anthete kapena chiwawu chikabuka. Mankhwala alionse ali ndi masiku olembedwa pabotolo oyenera kudikira musanakolole, ndipo mizere imene masikuwo sanakwane timaimanga chingwe, simulowamo. Ngakhale zili choncho tsukani chipatso chilichonse, kaya mwachigula kuti.

Mumagulitsa bwanji? Kunenerera kulipo?

Othyola okha timawayezera pa sikelo, pa kilo. Pashopu palinso milu ing'onoing'ono. Mitengo sitilemba pano chifukwa mmene zinthu zikukwerera, zomwe tingalembe lero mwezi wamawa zikhala bodza.

Kunenerera ndi chikhalidwe chathu, sitikwiya nako, ndipo wogula zambiri sachoka wopanda banyira. Chokhacho, nenererani musanathyole, osati dengu litadzaza kale. Timalandira ndalama m'manja, Airtel Money ndi Mpamba, koma netiweki ya kuphiri imabwera n'kupita, choncho tengani ndalama zina m'thumba, zosinthasintha, chifukwa chenje chimavuta m'mawa.

Mushopu mumapezeka chiyani china?

Jamu wa mapichesi, uchi wa m'ming'oma yathu, mazira, mbatata ya kachewere, masamba, ndi mbande za mitengo. Zina zimatengera nyengo: mabulosi ndi masitiroberi miyezi yotentha mvula isanagwe, magalagadeya, mapeyala, ndipo mvula ikayamba anzathu oyandikana nawo amabweretsa masuku ndi bowa. Chakudya chophika sitigulitsa kupatula tiyi ndi zitumbuwa Loweruka. Bwerani ndi kamba wanu, mphasa tikubwerekani.

Tingabwere ndi ana? Nanga gulu la sukulu kapena la mpingo?

Ana ndi olandiridwa bola akhale ndi wamkulu nthawi zonse. Pansi pa mitengo pamakhala njuchi ndi mavu pa zipatso zosweka, ndiye asayende opanda nsapato. Ngati mwana amatupa kwambiri akalumidwa ndi njuchi, tiuzeni pofika kuti tikupatseni mizere yakutali ndi ming'oma.

Magulu aziyamba atiuza sabata imodzi isanakwane. Aphunzitsi a zaulimi timawalangiza kubwera mu Juni kapena Julayi, pamene ana angaone kudulira ndi kumezanitsa ndi maso awo, kapena mu Seputembala nthawi yopatulira. Kupatulirako kumadabwitsa ana ndi akulu omwe: timathothola tizipatso tambirimbiri tikadali tating'ono ngati nsawawa, n'kusiya mpata wa chikhatho chotambasula, masentimita 15 mpaka 20, pakati pa zotsalazo. Munthu amamva chisoni kuona pansi pali mbwee, koma mtengo wosapatulira umabereka timapichesi tokhala njere yokhayokha, nthambi n'kuthyoka nako kulemera.

Anyani ndi oopsa?

Saputa munthu amene sanawapute. Musawaponyere chakudya, musasiye mawindo a galimoto otsegula, ndipo dengu lodzaza lisakhale lokha. Ukali wawo uli pa zokolola: nyani amaluma pichesi kamodzi, kutaya, kutenga lina. M'nyengo ino pamunda pamakhala mlonda kuyambira m'bandakucha, ndiye mukamva wina akukuwa ndi kumenya chitini kumtunda, musathawe.

Tinyamule bwanji kuti asaphwanyike?

Osati m'jumbo, osati m'thumba la saka. Bwerani ndi katoni yosazama, lichero kapena beseni lotambalala. Yalani nyuzipepala kapena udzu wouma, muike mapichesi mutu pansi, mizere isapitirire iwiri kusanjikizana. M'galimoto akhale pampando kapena pansi pamthunzi, osati m'buti motentha momwe azigubuduka pakona iliyonse. Pa kabaza katoniyo muifungate pamiyendo.

Ngati ulendo wanu ndi wa ku Lilongwe kapena ku Mzuzu, nenani, tikusankhireni okhwima koma olimbako, oti akafewe mawa kapena mkuja.

Kunyumba amakhala masiku angati?

Akupsa bwino, masiku awiri kapena atatu pamalo ozizira, ndipo mu furiji amafika masiku 5. Olimbako asiyeni patebulo afewe kaye, kenako ndiye alowe mu furiji. Mukawaika ali olimba n'kukhalitsamo, amatuluka ouma mkati, a ufaufa, opanda madzi. Musawatsuke mpaka nthawi yodya, chinyontho chimafulumizitsa kuwola. Tsiku lililonse muwayang'ane n'kuchotsa lomwe layamba banga.

Tagula ambiri, tapanga nawo chiyani?

Jamu. Viikani mapichesi m'madzi owira kwa theka la mphindi, kenako m'madzi ozizira, khungu limasendeka ndi zala. Duladulani, chotsani njere. Pa kilo imodzi ya zipatso ikani shuga magalamu 750 ndi madzi a mandimu awiri. Mandimuwo musawasiye, ndi amene amathandiza jamu kugwira ndi kusungika. Wiritsani mukutakasa kuti asapserere. Kuti mudziwe ngati wapsa, donthezani pang'ono pa mbale yozizira, dikirani kamphindi, n'kukankha ndi chala: akachita makwinya, tsitsani. Thirani akadali wotentha m'mabotolo agalasi owiritsidwa ndi zotsekera zake.

Mapichesi athu ambiri ndi a mtundu umene mnofu umamatirira kunjere, ndiye kudula kwake kumafuna kampeni kakuthwa ndi kudekha. Omasuka kunjere tili nawo ochepa ndipo amatha msanga. Amene mukuganiza zopanga jamu wogulitsa m'mashopu, yambani mwakaonana ndi a Malawi Bureau of Standards.

Ndingadzale njere kwathu?

Mutha, ndipo mitengo yambiri ya m'midzi ya kumapiri inamera choncho. Njereyo imafuna kuzizira kuti imere, nayonso. Itsukeni, iikeni mumchenga wonyowa pang'ono m'kapepala ka pulasitiki, n'kuisunga mu furiji, osati mu chipinda choumitsa, kwa miyezi iwiri kapena itatu mpaka itayamba kutulutsa muzu. Mtengo wa njere umayamba kubereka patatha zaka zitatu kapena zinayi, ndipo zipatso zake sizifanana ndendende ndi za make. Womezanitsa umabereka msanga, chaka chachiwiri kapena chachitatu, ndipo mumadziwiratu chomwe mudzadye. Mbande zomezanitsa timagulitsa kuyambira mu Disembala, nthawi yodzala.

Koma funso loyamba ndi lakuti kwanu n'kuti. Ngati ndi ku Liwonde, ku Chingale kapena kumbali ya nyanja ya Chilwa, sitikugulitsani mbande tisanakuchenjezeni. Mtengo umera, masamba uchita, koma zipatso muzidzangozimva. Onani funso lachiwiri lija. Kumeneko dzalani mango. Dziwaninso kuti pichesi si mtengo wa zidzukulu: pakatha zaka 15 kapena 20 umakhala utatopa, ndipo sufuna malo odikha madzi.

Ana amaswa njere n'kudya kamtedza ka mkati. Palibe vuto?

Aletseni. Kamtedzako n'kowawa chifukwa kali ndi poizoni wa mtundu womwewo umene uli m'chinangwa chowawa chosaviika. Kamodzi mwangozi sikangavulaze munthu wamkulu, koma mwana akadya tambiri n'kuyamba chizungulire, mutu kapena kusanza, thamangani naye kuchipatala.

Kodi mumaodetsa kwa ogulitsa?

Timatero, pakati pa sabata, m'mawa kwambiri. Loweruka ndi Lamlungu timasungira alendo. Bwerani ndi makireti anu, ndipo odani zomwe mungagulitse masiku awiri.

Tikachoka kwanu tingaonenso chiyani paphiri?

Tsiku limodzi silikwana. Damu la Mulunguzi, komwe kumachokera madzi a mumzinda wa Zomba, lili pafupi ndi msewu, ndipo mathithi a Mandala ndi a Williams amafikika wapansi. Emperor's View, pomwe anaima mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia mu 1965, ndi Queen's View zili kutaliko, ndipo kukayera mumaona nyanja ya Chilwa ndi phiri la Mulanje. Kumeneko ndi ku dzenje la Chingwe misewu ndi yafumbi, yofuna galimoto yokwera, ndipo ndi bwino kutenga mmodzi wa anyamata operekeza alendo omwe amapezeka pafupi ndi hotela ya Ku Chawe. Yambani kwathu kukadali m'mawa, katoni yanu tikusungireni pamthunzi, mudzaitenge potsika.

Mu Okutobala ndi kumayambiriro kwa Novembala nkhalango ya paini imakhala youma kwambiri. Musasonkhe moto paliponse, ndipo osuta asataye chotsalira cha ndudu m'tchire.

Nanga kukagwa mvula tsiku lomwe tinapangana?

Ikagwa yowaza, bwerani, tidikirira limodzi pakhonde. Ikagwa usiku wonse, imbani kaye. Kamsewu kathu kafumbi kamaterera ngati therere, ndipo galimoto zazing'ono zimakanika pachitunda chomaliza. Sitilolanso kuthyola zipatso mitengo ili yonyowa, chifukwa zipatso zonyowa zikasanjikizana zimachita nkhungu msanga. Chifunga chikatsika mukadali kumtunda, yatsani magetsi a galimoto ndipo mutsike pang'onopang'ono kusanade. Amene munalipiriratu, ndalama yanu imadikira tsiku lina m'nyengo yomweyo, kapena timakubwezerani pa foni.